Abusa, mchimwene wanga anadzipha: kodi Mulungu anamutaya?

Funso

"Abusa, ndine mayi wa zaka 41. Miyezi isanu yapitayo mchimwene wanga wamng'ono anadzipha kumudzi kwathu. Anakongola ndalama ku banki mkhonde kuti agule feteleza, mbewu sizinachite bwino, ndiye pofuna kubweza ngongoleyo analowanso m'katapila. Anali munthu wopemphera, woimba kwaya, wodya mgonero. Akulu ampingo anati mpingo sungaimbe maliro a munthu wodzipha, choncho tinamuika mwakachetechete, popanda nyimbo kapena mawu a Mulungu. Pa siwa mayi wina ananena ine ndikumva kuti ameneyu wapita kumoto. Chiyambire tsikulo mayi athu sanapondeko kutchalitchi. Mwana woyamba wa malemuyo, mnyamata wa zaka 16, wayamba kumanena kuti bola akanangotsagana ndi bambo ake. Inenso sindigona, chifukwa kutatsala masiku atatu kuti amwalire anandiimbira foni kupempha ndalama, ine n'kumukalipira. Kodi ndinamupha ndine? Nanga Baibulo likuti chiyani? Ali kuti mchimwene wanga?"

Yankho

Pepani kwambiri, mayi. Pepani chifukwa cha imfa ya mchimwene wanu, pepaninso chifukwa cha mawu amene anakulasani pa siwa, pamalo pomwe munayenera kupukutidwa misozi. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mafunso mwafunsa atatu, koma chimene chandigwira mtima kwambiri mwangochitchula modutsa: mawu a mnyamata uja. Ndifikako bwinobwino kutsogoloku. Koma ngati simutha kuwerenga zonsezi lero, gwirani ichi chokha: mwanayo asamakhale yekha masiku ano, ndipo mupite naye kuchipatala sabata yomwe ino.

Simunamuphe mchimwene wanu ayi. Pa zaka zanga zonse za ubusa ndakhala pamphasa ndi mabanja angapo ofedwa mwa njira imeneyi, ndipo sindinapezepo banja lomwe mulibe munthu wosenza mtolo ngati wanuwu. Wina amakumbukira foni imene sanayankhe. Mkazi amakumbukira kuti anayambana za ndiwo usiku womaliza. Bambo amakumbukira kuti anati "iwe ndiwe chitsiru" mwana atalephera mayeso. Aliyense amatola kachidutswa kake n'kukasandutsa mlandu wonse. Komatu inu munalankhula ngati mlongo wotopa amene wapemphedwa ndalama kambirimbiri, osadziwa zimene zinali mumtima mwa mnzanuyo. Mukanadziwa, mukanakwera minibasi usiku womwewo. Musadziweruze ndi nzeru zimene mwazipeza munthu ataikidwa kale. Ngati mawu aukali aja akukuvutitsani, auzeni Ambuye monga momwe timaululira mawu aliwonse aukali, ndipo adzakukhululukirani. Koma mawu aukali ndi tchimo la mawu aukali basi, si kupha munthu.

Taonaninso kuti m'mudzi mwanu ali ndi ngongole ndi ambiri, ndipo akadali moyo. Ngongole imakhala chikuni chomaliza pa mtolo womwe unalemera kale. Kawirikawiri pansi pake pamakhala matenda a maganizo amene achipatala amati dipuleshoni. Munthu amasowa tulo kwa milungu ingapo, nsima imamukanika, zomwe ankazikonda sizimukomanso, amangokhala ndwii pakhonde. Choopsa kwambiri n'chakuti matendawa amamunamiza mwini wakeyo. Amamuuza kuti ndi katundu wolemetsa abale, kuti ana ake apeza mpumulo iye akachoka, kuti khomo lotulukira latsala limodzi lokha. Ife tili kunja timaona makomo ambiri, iye sawaona. Ena amathawira ku kachasu kuti agone, mowawo n'kuwonjezera mdima ndi kuchotsa mantha amene akanawaletsa. Bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 700,000 amafa chonchi chaka chilichonse padziko lonse. Kuno kwathu malipoti a apolisi amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa iwo ndi amuna. Sindidabwa nazo. Timalera anyamata ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye akakula n'kuzingwa amasowa pokalirira. Woimba kwaya amavala yunifomu Lamlungu n'kuimba bwinobwino, mtima uli zidutswazidutswa.

Tsono tibwere ku chiphunzitso. Sindikunamizani pofuna kukutonthozani: chikhristu chimaphunzitsa kuti kudzipha n'kulakwa, ndipo inenso ndimaphunzitsa zomwezo. Chifukwa chake chili pa tsamba loyamba la Baibulo. Genesis 1:27 akuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo pa 2:7 Mulungu mwini akuuzira mpweya m'mphuno mwa munthu. Moyo ndi wobwereka, mwini wake alipo. Paulo anauza Akorinto kuti simuli a inu nokha, munagulidwa ndi mtengo wapatali. Katekisma wa Heidelberg wa m'chaka cha 1563, amene mipingo yambiri ya chikonzedwe imaphunzitsa m'kalasi, amayamba ndi mfundo yomweyi, kuti chitonthozo changa m'moyo ndi mu imfa n'chakuti sindili wa ine ndekha koma wa Yesu Khristu. Pofotokoza lamulo lakuti "Usaphe", katekisma yemweyo amati munthu asadzipweteke yekha. Ulemu wa moyo umenewu sudalira zokolola, sudalira kuti uli ndi ngongole kapena ayi. Mchimwene wanu tsiku lomwe a katapila ankamusakasaka anali wamtengo wapatali chimodzimodzi ndi tsiku lomwe anabatizidwa. Matenda anamubisira zimenezi, koma zinali zoona.

Amene anakhazika chiphunzitsochi m'malemba momveka anali mwana wa mu Africa momwe muno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, dera lomwe lero lili m'dziko la Algeria. Mzinda wa Rome utagwa m'manja mwa adani mu 410, amayi ambiri achikhristu anagwiriridwa, ndipo ena anadzipha chifukwa cha manyazi. Augustine analemba m'buku lake kuti lamulo lakuti "Usaphe" silinawonjezere mawu akuti "mnzako", choncho limakhudza ndi iwe mwini. Anauza amayi otsalawo kuti manyazi si awo, tchimo ndi la wogwirirayo, ndiye palibe chifukwa chodzilangira okha. Anthu ambiri amalekera pamenepa. Koma m'buku lomwelo, ponena za amayi amene anadzipha aja, anafunsa kuti ndani wokhala ndi mtima wa umunthu amene angakane kuwakhululukira. Patapita zaka mazana angapo Thomas Aquinas, katswiri wa maphunziro a zaumulungu, anapereka zifukwa zitatu: kudzipha kumatsutsana ndi chikondi chimene munthu ayenera kudzikonda nacho, kumavulaza anthu amene munthuyo ali chiwalo chawo, ndipo kumalanda Mulungu chimene chili chake. Chachiwiricho simufunika buku kuti muchimvetse. Mukuchiona pankhope ya mayi anu ndi m'mawu a mwana uja.

Kunena kuti chinthu n'cholakwa ndi nkhani ina, kunena kumene munthu wapita ndi nkhani inanso. Yoyambayo Mulungu anatiuza. Yachiwiriyo anaisunga yekha.

Baibulo limatchula anthu ochepa amene anathetsa moyo wawo: Abimeleki, Samsoni, mfumu Sauli ndi wonyamula zida zake, Ahitofeli, Zimri ndi Yudasi. Fufuzani kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, simupeza ndime yonena kuti aliyense wodzipha amapita kumoto. Ndimafuna muonenso m'mene mitembo yawo anaisamalira. Ahitofeli, pa 2 Samueli 17:23, anaikidwa m'manda a atate ake, osati kutchire. Sauli atafa pa phiri la Giliboa, amuna a ku Yabesi Gileadi anayenda usiku wonse kukatenga thupi lake, anaika mafupa ake, n'kusala kudya masiku 7. Davide atamva anamuimbira Sauli nyimbo ya maliro, ndipo amuna aja anawatumizira mawu a madalitso chifukwa cha chifundo chimene anachitira mbuye wawo pomuika. Samsoni dzina lake likupezeka pa Ahebri 11 pakati pa anthu a chikhulupiriro. Nkhani zimenezi sizikuyamikira kudzipha, zonse n'zomvetsa chisoni. Koma m'menemo mulibe chilolezo chonyoza mtembo kapena kusiya ofedwa okha.

Ambiri amathamangira kwa Yudasi. Tawerengani bwino Mateyu 27. Yudasi asanafe anapita ku Kachisi, kwa akuluakulu a chipembedzo, ndalama zili m'manja, n'kunena kuti ndachimwa, ndapereka mwazi wosalakwa. Iwo anamuyankha kuti zimenezo zikutikhudza chiyani ife, udzionere wekha. Munthu wosweka anafika pakhomo loyenera, n'kupeza anthu osayenera. Ndime imeneyi ndikamaiwerenga sindiganiza za Yudasi yekha, ndimaganiza za ife ovala kolala ndi akulu ampingo. Ndi angati anabwera kwa ife ndi nkhani ya ngongole kapena ya banja, ife n'kungoti tikupemphererani, maso ali pa wotchi?

Nanga mwambo wokana kuimba maliro unachokera kuti? Mu 561 mabishopu atakumana ku Braga, m'dziko lomwe lero ndi Portugal, analamula kuti odzipha asaperekezedwe kumanda ndi masalimo. Lamuloli linayenda zaka zambiri. Buku la mapemphero la mpingo wa Anglican la mu 1662 linaletsa kuwerenga mawu a maliro pa munthu wotere, ndipo malamulo a mpingo wa Katolika a mu 1917 anali ndi chiletso chofanana. Amishoni anabwera nazo kuno, n'kupeza kuti makolo athu nawonso ankaiopa imfa yotereyi, ankaiona ngati tsoka lotha kufalikira pamtundu, ndiye maliro ake ankawafulumizitsa. Mantha awiriwa anakwatirana, mpaka lero ambiri satha kusiyanitsa kuti la Baibulo ndi liti, la mwambo ndi liti. Cholinga cha oyika lamulolo chinali kuopseza amoyo kuti asayerekeze. Koma munthu amene wafika pamdima umenewo saganiza zakuti kwaya idzaimba kapena ayi. Chilango chonse chimagwera nkhalamba yomwe yataya mwana.

Mipingo yomwe inayambitsa lamuloli inabwerera m'mbuyo itamvetsa za matenda a maganizo. Malamulo atsopano a Katolika a mu 1983 anachotsa chiletso chija. Katekisimu wa mpingowo wa mu 1992, pa ndime 2280 mpaka 2283, amanenabe kuti ndife osunga chabe moyo umene Mulungu anatipatsa, osati eni ake. Koma amapitiriza kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, kuzunzika mumtima kapena mantha aakulu zimatha kuchepetsa mlandu wa munthuyo, kuti tisataye mtima za chipulumutso chake, ndiponso kuti mpingo umawapempherera anthu otere. Church of England, mpingo wa Anglican wa ku England, inasintha lamulo lake mu 2017. Ngakhale Martin Luther, kalekale, pocheza ndi ophunzira ake, anati iye sagwirizana ndi onena kuti odzipha onse ndi otayika, pakuti amafanana ndi munthu amene wagwidwa ndi chigawenga m'nkhalango. Kuno kwathu zimasiyana mpingo ndi mpingo, mwinanso mbusa ndi mbusa.

Ndikuuzeni zanga. Ndili mbusa wachinyamata, pa mpingo wanga woyamba, mnyamata wina wa m'dera lathu anafa imfa yomweyi. Akulu anandiuza kuti kuno sitiimba, ine n'kuvomera, poopa kuoneka wophwanya mwambo ndisanathe n'chaka chomwe. Ndinapita ngati munthu wamba, ndinapereka chipepeso, n'kukakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango. Bokosi likutuluka m'nyumba kunali zii, kumangomveka mapazi a adzukulu ndi kulira kwa mayi mmodzi. Mayiyo anali wa m'bungwe la amayi, yemwe anaimbira maliro a anthu ena kwa zaka zambiri, kugona pa siwa za eni, kuphika, kutunga madzi. Podutsa pomwe ndinakhala anandiyang'ana osanena kanthu. Maso amenewo ndimawaonabe. Maliro n'kulirana, koma ife tsiku limenelo tinamusiya alire yekha. Kuchokera pamenepo maliro otere ndimapita ndi Baibulo m'manja. Sindiyamikira zimene zachitika, sindigamula za womwalirayo, ndimalalikira kwa amoyo.

Pali mfundo imodzi imene imavutitsa akhristu ambiri, mwina ndi yomwe mayi uja wa pa siwa anatsamira. Amati wodzipha alibe mpata wolapa, ndiye wafa ndi tchimo. Tiyeni tiilondole mfundoyi mpaka kumapeto ake. Mkhristu wakangana ndi mkazi wake m'mawa, watuluka mtima uli fuu, minibasi yagubuduzika asanapepese. Kodi watayika? Nanga gogo amene ukalamba unamusokoneza mutu, n'kumatukwana anthu mpaka tsiku lomwalira? Chipulumutso chikanadalira kuti mphindi yomaliza ikupeze utaulula tchimo lililonse, palibe akanapulumuka, ngakhale ine. Aefeso 2:8 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndipo ndi mphatso ya Mulungu. Pa Marko 3:28-29 Yesu anatchula tchimo limodzi losakhululukidwa, kunyoza Mzimu Woyera, ndipo sanatchule kudzipha. Aroma 8:38-39 akuti ngakhale imfa, ngakhale moyo, sizingathe kutilekanitsa ndi chikondi cha Mulungu cha mwa Khristu Yesu. Komanso palibe amene anali mumtima mwa mchimwene wanu pa mphindi zake zomaliza. Chigawenga cha pamtanda chinangonena chiganizo chimodzi kwa Yesu, iye n'kuchilonjeza Paradaiso.

Ndiye ali kuti? Ali m'manja mwa Mulungu amene ankadziwa usiku uliwonse umene sanagone, amene ankadziwa kuti apa ndi matenda, apa ndi mantha, apa ndi kufuna kwa munthu. Mayi uja wa pa siwa analibe udindo wotsekera munthu kumwamba. Paulo anati musaweruze kanthu nthawi isanakwane, kufikira Ambuye abwere, amene adzaunika zobisika za mumdima. Abrahamu anafunsa kuti kodi Woweruza wa dziko lonse sadzachita zolungama? Inu mwandiuza za munthu amene ankakhulupirira Khristu ndi kumuimbira. Ine ndili ndi chiyembekezo chenicheni pa iye, ndipo inunso muli ndi ufulu wonse wokhala nacho.

Ndikudziwa kuti yankho ili aliwerenganso ena amene maganizo omwewa akuwazungulira usiku. Mbale wanga, mlongo wanga, chifundo cha Mulungu chimene ndikunenachi musachitenge ngati chilolezo. Chifundo chomwecho n'chimene chikufuna kuti mukhale moyo. Si inu oyamba kufika pamenepo. Mose anapempha Mulungu kuti angomupha, Yobu anatemberera tsiku lomwe anabadwa, Paulo analembera Akorinto kuti ku Asiya anapsinjika mpaka kutaya chiyembekezo cha moyo. Eliya, atangopambana kumene pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, anasiya mnyamata wake ku Beereseba, n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Anakhala pansi pa kamtengo n'kunena kuti zakwana, Yehova, chotsani moyo wanga. Mulungu sanamukalipire. Anamusiya agone, kenako mngelo anamukhudza n'kuti dzuka udye. Kumutu kwake kunali mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anagonanso, anadzutsidwanso kachiwiri kuti adye. Zokambirana zinabwera pambuyo, ndipo pamenepo Mulungu anakonza bodza limene linali m'mutu mwa Eliya lakuti watsala yekha: analipo ena 7,000. Kenako anamupatsa Elisa woyenda naye. Tulo, chakudya, womumvera, mnzake. Ku Filipi nakonso, woyang'anira ndende ataona zitseko zili pululu, n'kuganiza kuti akaidi athawa, anafuna kudzipha. Paulo anafuula mumdima kuti usadzipweteke, tonse tili muno. Usiku womwewo munthu uja anatsuka mabala a Paulo ndi Sila, anabatizidwa ndi banja lake, n'kuwakonzera chakudya. Vuto limene ankaliona ngati mapeto a zonse silinafike n'kum'mawa komwe. Uzani munthu lero, wina aliyense amene mumamukhulupirira, ndipo pitani kuchipatala.

Ena akuuzani kuti pabanja panu pali chiwanda cha imfa, kapena kuti wina anamulodza. Chenjerani, mayi. Ndaona mabanja akugawanika chifukwa mneneri waloza azakhali kapena mkazi wamasiye kuti ndiye mfiti, ndaonanso odwala akuuzidwa kuti ataye mankhwala a kuchipatala poonetsa chikhulupiriro, kenako matenda n'kubwerera mwamphamvu. Ine ndimakhulupirira pemphero ndipo ndimapempherera odwala tsiku ndi tsiku. Koma wodwala malungo timamupempherera tili pa mzere wa kuchipatala. Ubongo ndi chiwalo cha thupi monga chiwindi ndi mtima, umadwala ndipo umachizika. N'zoona kuti m'banja lomwe mwachitika imfa yotere ena amakhala pachiopsezo chokulirapo. Chifukwa chake si temberero ayi. Ndi chisoni chosalirika bwino, manyazi, kusalidwa, ndiponso kuti matenda ena a maganizo amayenda m'magazi monga amachitira a shuga. Zonsezi zili ndi thandizo.

Mayi anu musawakakamize za kutchalitchi. Sanakane Mulungu, akupweteka ndi zimene anthu a Mulungu anawachita. Ndikadakhala inu ndikadatenga mkulu mmodzi wa pabanja, mwina amalume, n'kupita kwa abusa a mpingowo, osati kokakangana, koma kukawauza kuti nkhosa yawo ili kunyumba ikulira ndipo palibe anabwera kudzaiona. Apempheni mapemphero a pakhomo, pabwere amayi a bungwe ndi anzake a kwaya adzaimbe nyimbo zimene malemuyo ankazikonda. Abusa ambiri amene amamangika ndi lamulo pa tsiku la maliro savuta pa mapemphero otonthoza ofedwa. Akakana, palibe lamulo loletsa banja kusonkhana lokha, kuwerenga Salimo 23 kapena 130 ndi kuimba, ndipo mbusa wina amene mumamudziwa angathe kubwera. Nthawi yomanga chiliza ndi mpata winanso wabwino wochita zimene zinalephereka tsiku lija. Dzina lake muzilitchula pakhomo. Muzikumbutsana nthabwala zake, mawu ake a m'kwaya, zimene ankachita ali mwana. Munthu wa zaka zambiri asasanduke tsiku limodzi lokha.

Mlamu wanu simunamutchule m'kalatamu, ndipo zandidetsa nkhawa. Pa imfa zoterezi chala chimathamangira kwa mkazi, ena mpaka kumulanda katundu ndi kumuthamangitsa. Ngati ali pomwepo, mukhale mbali yake. Za ngongole zija musazisiye m'manja mwake yekha. Khalani pansi monga banja ndi a gulu la banki mkhonde, pakhale amfumu kapena mboni zina, mudziwe chimene chatsala chenicheni ndi m'mene chingabwezedwere pang'onopang'ono. Wa katapila akayamba kuopseza kapena kulanda zinthu mwankhanza, kanenani kupolisi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli lagwetsa kale munthu mmodzi.

Tsopano za mnyamata uja. Mawu akuti "bola ndikanatsagana nawo" musawatenge ngati zachibwana kapena zofuna kuti anthu amuone. Ambiri amene amadzipha amakhala atanenapo kale mwa njira ina, anthu n'kuzinyalanyaza. Pitani kumudzi, kapena muitaneni abwere kwanu ngati amamasuka nanu. Pezani nthawi muli awiri, mwina mukuyenda kapena mukusenda chimanga, pakuti anyamata amalankhula bwino manja akugwira ntchito kusiyana ndi kuyang'anana maso ndi maso. Mufunseni mosazungulira: "Mwanawe, ndamva zimene ukunena. Kodi ukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti kufunsa chonchi n'kumupatsa maganizo. Ofufuza anapeza kuti sizitero, ndipo inenso ndaona anthu akupuma mpweya wautali chifukwa wina walimba mtima kutchula chinthu chimene iwo ankachisenza okha. Akayamba kulankhula, khalani chete mumve. Musamulalikire, musamuopseze ndi moto, musanene kuti taona amayi ako akuvutika kale. Akakwiyira bambo ake, kapena Mulungu amene, musiyeni anene. Salimo 88 ndi pemphero la munthu amene akumaliza ndi mawu akuti mnzake watsala ndi mdima, ndipo Mulungu analola kuti likhale m'Baibulo. Muuzeni zoona za imfa ya bambo ake: anadwala maganizo, anabisa, sanapeze thandizo, silinali vuto la mwanayo, ndipo njira imeneyo si cholowa chake. Akakupemphani kuti musauze munthu, musalonjeze. Muuzeni kuti mumamukonda kwambiri moti simungasunge chinsinsi chotere.

Chotsani pakhomo zinthu zoopsa. Mankhwala a kumunda, a m'nkhokwe, a makoswe ndi mapiritsi osungidwa m'nyumba akhale kwa munthu wina kapena mokiyidwa. Izi si zazing'ono. Maganizo odzipha amabwera ngati namondwe, amawomba mwamphamvu kwa kanthawi n'kudutsa, ndipo ngati pa nthawiyo palibe chogwira pafupi, munthu amaona m'mawa. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a kumunda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika kuposa theka kuchokera pomwe chinafika m'zaka za m'ma 1990.

Kuchipatala cha boma cha m'boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. A Saint John of God ali ndi zipatala za matendawa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba. Ana ndi achinyamata angathenso kuimba mwaulere pa 116, nambala ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO. Musaope kuti anthu ati wapenga. Ambiri amene amapita kumeneko amangocheza ndi mlangizi kangapo, ena amalandira mankhwala kwa miyezi ingapo, n'kubwerera kusukulu ndi kuntchito zawo. Koma mnyamatayo akakuuzani kuti waganiza kale njira kapena tsiku, akayamba kugawa zinthu zake, kutsanzika anthu, kumwa mowa kapena kusuta chamba, kapena akangoti phee mwadzidzidzi ngati munthu amene wamaliza kuganiza, musadikire kuti kuche. Musamusiye yekha ngakhale pang'ono, pitani naye kuchipatala chilichonse chapafupi nthawi yomweyo. Aphunzitsi ake mmodzi amene amamukhulupirira adziwenso, ndipo pakhale bambo wina wa pabanja kapena wa kumpingo woti aziyenda naye kumunda ndi kumpira, osati kwa sabata imodzi koma kwa chaka chonse chikubwerachi. Masiku ovuta kwambiri adzakhala nthawi ya Khirisimasi, nthawi ya mayeso, ndi mwezi womwe bambo ake anamwalira.

Inunso, mayi, miyezi isanu osagona bwino ndi yambiri. Mukapita ndi mwanayo kuchipatala, musangokhala pabenchi kumudikira. Lowani nanunso muwauze za tulo tanu ndi za foni ija. Pezani mayi mmodzi wokhwima maganizo wa mumpingo mwanu, wosayenda ndi nkhani za eni, woti muzilira naye. Ndikhala ndikukutchulani m'mapemphero, inu, mayi anu, mlamu wanu ndi ana. Mukabwerako kumudzi mundilemberenso, mundiuze zimene mnyamatayo wayankha.